Sir David Amess: Phungu wa Zaka 38 Yemwe Sanakhalepo Nduna

Sir David Amess anali phungu wa Nyumba ya Malamulo ya dziko la Britain kwa zaka 38, kuyambira mu 1983 mpaka tsiku lomwe anaphedwa, pa 15 Okutobala 2021. Anali wa chipani cha Conservative. Anapambana zisankho khumi zotsatizana ndipo anagwira ntchito m'nthawi ya nduna zazikulu zisanu ndi ziwiri, kuyambira mayi Margaret Thatcher mpaka a Boris Johnson, koma iwo eni sanakhalepo nduna ngakhale tsiku limodzi. Talemba mbiri yawo pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ikuonetsa zomwe phungu wamba angakwanitse popanda mpando wa unduna. Chachiwiri, amene anawapha ananena kuti wachita zimenezo m'dzina la chipembedzo chathu, choncho nkhaniyi ikutikhudza ife Asilamu ndipo tiyenera kuidziwa bwino.

Phungu wa mipando yakumbuyo ndi ndani?

Nyumba ya Malamulo ya ku Britain ili ku Westminster, mumzinda wa London, ndipo ili ndi zipinda ziwiri. Chipinda cha aphungu osankhidwa ndi anthu chimatchedwa House of Commons, ndipo chili ndi aphungu 650. Mipando yake ndi mabenchi obiriwira oyang'anizana: mbali imodzi kumakhala a boma, mbali inayo otsutsa boma. Pa benchi lakutsogolo la mbali ya boma pamakhala nduna, pamene lakutsogolo la mbali inayo limakhala la akuluakulu a chipani chotsutsa. Aphungu ena onse amakhala kumbuyo, ndipo n'chifukwa chake Angerezi amamutcha phungu wotere kuti backbencher.

Nyumba ya Malamulo ya ku Malawi inatengera zambiri ku Westminster, koma pali kusiyana kumodzi koyenera kukudziwa. Kuno mtsogoleri wa dziko angathe kusankha nduna kunja kwa Nyumba. Ku Britain nduna zimachokera m'Nyumba ya Malamulo momwemo, choncho aphungu ambiri amalowa maso ali pa benchi lakutsogolo. Amene wakhala zaka zambiri osaitanidwako, ena amamuona ngati wolephera.

Komatu phungu wakumbuyo ali ndi zida zake. Amafunsa nduna mafunso, pakamwa kapena polemba, ndipo nduna imayenera kuyankha. Amakhala m'makomiti ofufuza ntchito za maunduna. Angathe kubweretsa bilu yakeyake. Angathe kuyambitsa gulu la aphungu a zipani zonse loona nkhani imodzi. Pamwamba pa zonsezi, amakumana maso ndi maso ndi anthu a m'dera lake n'kumva madandaulo awo. A Amess anagwiritsa ntchito zida zonsezi.

Kubadwa ndi maphunziro

A David Amess anabadwa pa 26 Malichi 1952 ku Plaistow, kum'mawa kwa London, dera la anthu ogwira ntchito zamanja. Bambo awo anali okonza zamagetsi ndipo mayi awo anali osoka zovala. Anakulira m'banja la Chikatolika ndipo anagwiritsa chipembedzo chawocho moyo wawo wonse. Ali mwana anali ndi chibwibwi, moti anafunika thandizo la akatswiri kuti azilankhula bwinobwino. Anaphunzira pasukulu ya Akatolika ya St Bonaventure's ku Forest Gate, kenako anakatenga digiri ya zachuma ndi kayendetsedwe ka boma pa koleji ina ku Bournemouth.

Asanalowe ndale anaphunzitsapo kwa chaka chimodzi pasukulu ya pulayimale ku Bethnal Green, anagwirapo ntchito ya inshuwalansi, kenako ya kupezera anthu ntchito m'makampani. Mu 1979 anaimira chipani chawo m'dera la Newham North West, komwe chipani cha Labour chinali ndi mphamvu zambiri, ndipo anagonja. Mu 1982 anasankhidwa kukhala khansala ku Redbridge. Mu 1983 anakwatira, ndipo m'banja mwawo munabadwa ana asanu, wamwamuna mmodzi ndi aakazi anayi.

Basildon, 1983 mpaka 1997

Pa chisankho cha pa 9 Juni 1983 anapambana m'dera la Basildon, m'chigawo cha Essex, ali ndi zaka 31. Basildon ndi tauni yomwe boma linamanga nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, pofuna kusamutsirako mabanja ochokera m'madera othithikana a London. Anthu ake ambiri anali antchito wamba, ndipo mavoti awo ankatha kupendekera mbali iliyonse. A Amess anapambananso mu 1987.

Dzina lawo linamveka dziko lonse usiku wa chisankho cha pa 9 Epulo 1992. Kafukufuku wa maganizo a anthu ankaonetsa kuti boma la a John Major likhoza kugwa, ndipo Basildon linali limodzi mwa madera omwe chipani cha Labour, chotsogozedwa ndi a Neil Kinnock, chinkayenera kulanda kuti chilowe m'boma. Zotsatira za derali zinatuluka msanga, ndipo a Amess anapambana ndi mavoti 1,480 kuposa wowatsatira. Anthu oonera wailesi yakanema anazindikira pomwepo kuti Conservative ibwereranso m'boma, ndipo zinaterodi.

Kuyambira mu 1987 anali wothandizira nduna m'Nyumba, ntchito yopanda malipiro apadera yomwe phungu amakhala khutu ndi diso la nduna pakati pa aphungu anzake. Nthawi yaitali anathandizira a Michael Portillo. Kwa ambiri ntchito imeneyi imakhala khwerero lopitira ku unduna, koma kwa a Amess panathera pomwepo.

Chisankho cha 1997 chisanachitike malire a madera anasinthidwa, ndipo a Amess anasamukira kudera la Southend West, komwe chipani chawo chinali cholimba. Ena anawadzudzula kuti athawa nkhondo. Basildon inagwadi m'manja mwa Labour chaka chimenecho, pamene a Tony Blair analowa m'boma, koma a Amess anapambana kudera lawo latsopanolo ndipo analiimira zaka 24.

Malamulo awiri odziwika ndi dzina lawo

Mabilu ambiri omwe amasanduka malamulo ku Britain amachokera ku boma. Phungu wamba amapatsidwa mpata wochepa. Kumayambiriro kwa chigawo chilichonse cha zokambirana kumachitika mayere, ndipo mayina 20 okha ndi amene amatuluka. Mabilu a aphungu amakambidwa masiku a Lachisanu owerengeka, kawirikawiri 13 pa chigawo chonse, ndipo phungu mmodzi wotsutsa akhoza kupha bilu polankhula mpaka nthawi itatha. Palinso njira zina zing'onozing'ono zobweretsera bilu, koma mwayi wake ndi wochepa kuposa pamenepa. Kuti bilu yotere idutse, mwini wake amayenera kupeza abwenzi m'zipani zonse. Aphungu ambiri amapuma pa ndale osadutsitsa ngakhale imodzi.

Lamulo loyamba la a Amess ndi la mu 1988, lotchedwa Protection against Cruel Tethering Act. Linaletsa kumangirira akavalo, abulu ndi nyulu m'njira yozizunza popanda chifukwa. Iwo ankakonda nyama kwambiri, ndipo anali mmodzi mwa aphungu ochepa a Conservative omwe ankatsutsa masewera osaka nkhandwe ndi agalu, omwe ambiri m'chipani chawo ankawateteza.

Lamulo lachiwiri, lomwe ndi lalikulu, ndi la mu 2000, lotchedwa Warm Homes and Energy Conservation Act. Ku Britain nyengo yachisanu imapha. Nyumba imafunika kutenthetsedwa ndi gasi kapena magetsi kwa miyezi ingapo, ndipo okalamba ndi osauka omwe alibe ndalama zolipirira amadwala chibayo ndi matenda a mtima. A Amess anakhudzidwa ndi imfa ya munthu wa m'dera lawo yemwe ankakhala m'nyumba yozizira. Anagwirizana ndi mabungwe, kuphatikizapo la Friends of the Earth, ndipo bilu yawo inadutsa ngakhale kuti iwo anali kumbali yotsutsa pamene boma linali la Labour. Lamulolo linakakamiza boma kulemba ndondomeko yothetsera vutoli, momwe kungathekere, pasanathe zaka 15. Ndondomekoyo inatuluka mu 2001, ndipo inkawerengera banja kuti ndi losauka pa nkhani ya moto ngati likufunika kuwononga ndalama zoposa gawo limodzi mwa magawo khumi a zomwe limapeza kuti litenthetse nyumba. Cholingacho sichinakwaniritsidwe pofika 2016, ndipo vutoli lilipobe. Chomwe lamulolo linachita ndi kuika udindo pa boma, kotero kuti mabungwe ndi aphungu anapeza pogwira pofunsa nduna.

Makomiti ndi nkhani za anthu wamba

A Amess anakhala zaka zambiri m'komiti ya zaumoyo ya House of Commons, ndipo analimbikitsa kuti komitiyo ifufuze vuto la kunenepa kwambiri. Lipoti lake linatuluka mu 2004. Analinso m'gulu la aphungu akuluakulu omwe sipikala amawadalira kutsogolera zokambirana za m'makomiti a mabilu, ntchito yofuna munthu yemwe mbali zonse zimamukhulupirira.

Chitsanzo chabwino cha kagwiridwe kawo ka ntchito ndi nkhani ya matenda otchedwa endometriosis. Awa ndi matenda a amayi, omwe minofu yofanana ndi yam'kati mwa chiberekero imamera kunja kwake n'kumabweretsa ululu waukulu, nthawi zina ngakhale kusabereka. Amagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi khumi a msinkhu wobereka. Mayi wina wa m'dera lawo anabwera kudzawafotokozera za kuvutika kwake. Iwo sanaione ngati nkhani yochititsa manyazi kwa bambo wachikulire. Mu 2018 anayambitsa gulu la aphungu a zipani zonse loona za matendawa, ndipo mu 2020 gululo linatulutsa lipoti loonetsa kuti amayi ku Britain amadikira zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu asanauzidwe chomwe akudwala.

Anathandizanso gulu la Music Man Project, lophunzitsa nyimbo anthu olumala m'maphunziro, lomwe linafika pokaimba m'holo yotchuka ya Royal Albert Hall mu 2019. Chaka ndi chaka ankakonzera phwando la tiyi okalamba a m'dera lawo omwe akwanitsa zaka 100. Mayi awo omwe anafika zaka 104. Mu 2015 Mfumukazi Elizabeth II inawapatsa ulemu wa Sir chifukwa cha ntchito zawo za ndale ndi zotumikira anthu.

Nyumba ikamatseka kupita kutchuthi pamakhala zokambirana zomwe phungu amaloledwa kudzutsa nkhani iliyonse. A Amess ankadziwika ndi kuunjika nkhani makumi angapo m'mphindi zochepa, ndipo pafupifupi nthawi zonse ankamaliza ndi pempho limodzi: kuti tauni ya Southend ipatsidwe ulemu wokhala mzinda. Ku Britain ulemu umenewu amapereka ndi mfumu ya dzikolo potsatira uphungu wa nduna. Southend ili m'mphepete mwa nyanja, pomwe mtsinje wa Thames umathirira, makilomita pafupifupi 65 kum'mawa kwa London. Aphungu anzawo ankaseka akangoyamba nkhaniyi, koma iwo sankatopa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Maganizo awo ndi zomwe ankatsutsidwa nazo

Mbiri yoona siibisa mbali yomwe anthu ankasiyana nayo maganizo. A Amess ankatsutsa kuchotsa mimba, ankafuna kuti chilango cha imfa chibwerere, ndipo anali m'gulu lofuna kuti Britain ituluke mu European Union. Anali membala wodziwika wa gulu la aphungu a Conservative okonda dziko la Israel, komanso ankathandiza gulu lina lotsutsa boma la Iran. Nthawi yomweyo anali wapampando wa gulu la aphungu loona za ubale wa Britain ndi dziko la Qatar, ndipo anali atangobwera kumene kuchokera kumeneko masiku ochepa asanaphedwe.

Pa nkhani za nkhondo, mu 2003 anavomereza kuti Britain ilowe nkhondo ya ku Iraq. Pambuyo pake ananena poyera kuti akunong'oneza bondo ndi votiyo ndipo anakhala mmodzi mwa odzudzula a Blair. Mu Ogasiti 2013 anali pakati pa aphungu a Conservative omwe anakana pempho la boma la chipani chawo chomwe loti asilikali a Britain akamenye ku Syria, ndipo pempholo linagwa. Koma mu Disembala 2015 anavomereza kuti ndege zankhondo zikaphulitse malo a gulu lodzitcha Islamic State, lomwe ambiri amalidziwa ndi dzina loti Daesh, m'dziko la Syria. Asilamu ambiri ku Britain sanagwirizane ndi ena mwa mavoti amenewa, ndipo anali ndi ufulu wonena zimenezo.

Kufulumira kwawo kuthandiza kunawagwetsapo m'manyazi. Mu 1997 pulogalamu yanthabwala ya pa wailesi yakanema yotchedwa Brass Eye inaonetsa momwe inawapusitsira kuti kwabwera mankhwala ozunguza bongo atsopano otchedwa cake, omwe kunalibe n'komwe. Iwo anali atafika pofunsa funso m'Nyumba ya Malamulo za mankhwalawo. Dziko linaseka, koma anthu a ku Southend anawasankhabe.

Imfa yawo

Aphungu a ku Britain ali ndi mwambo wokhala pamalo odziwika m'dera lawo, kawirikawiri Lachisanu, kuti aliyense wofuna adzawaone. Msonkhano wotere amautcha surgery, potengera chipinda chomwe dokotala amaoneramo odwala. A Amess ankayendayenda ndi misonkhano yawo m'matchalitchi ndi m'maholo kuti afikire anthu pafupi, ndipo ankalengeza malo ake pasadakhale.

Lachisanu pa 15 Okutobala 2021 anali m'tchalitchi cha Belfairs Methodist ku Leigh-on-Sea. Mnyamata wa zaka 25, Ali Harbi Ali, wobadwira ku London m'banja lochokera ku Somalia, anapempha nthawi yoonana nawo ponama kuti akusamukira m'deralo. Anabwera pa sitima yapamtunda kuchokera ku London, analandiridwa, anakhala pansi, kenako anasolola mpeni n'kuwabaya koposa ka 20. Inali itangokwana kumene 12 koloko masana, nthawi yomwe Asilamu a m'tauniyo ankakonzekera swala ya Jumu'ah. A Amess anamwalirira pomwepo ali ndi zaka 69. Apolisi awiri opanda mfuti ndi amene anamugwira wakuphayo.

Mlandu unazengedwa kubwalo la Old Bailey ku London. Kunamveka kuti Ali anatengeka ndi mauthenga a Daesh a pa intaneti, kuti anakhala nthawi yaitali akuzonda aphungu ena, ndiponso kuti anasankha a Amess chifukwa cha voti yawo ya nkhondo ya ku Syria. Pa 11 Epulo 2022 anapezeka wolakwa pa kupha ndi kukonzekera zauchigawenga, ndipo pa 13 Epulo analamulidwa kukhala m'ndende mpaka imfa, popanda mwayi wodzatuluka. Mu 2014, ali mwana wasukulu, anali ataperekedwa ku ndondomeko ya boma yoteteza achinyamata ku maganizo a uchigawenga yotchedwa Prevent, koma nkhani yake inatsekedwa mu 2016. Lipoti lomwe linatulutsidwa mu Febuluwale 2025 linapeza kuti inatsekedwa mofulumira.

A Amess anali phungu wachiwiri kuphedwa m'zaka zisanu. Mu Juni 2016 mayi Jo Cox, phungu wa Labour, anaphedwa ndi mzungu wa maganizo a tsankho la mtundu pamene ankapita ku msonkhano wonga womwewu.

Zomwe zinatsatira

Pa 18 Okutobala 2021 a Boris Johnson analengeza m'Nyumba kuti Mfumukazi yavomereza kuti Southend ikhale mzinda, ndipo pa 1 Malichi 2022 a Charles, omwe pa nthawiyo anali asanalowe ufumu, anakapereka chikalata chake. Pa chisankho chapadera cha pa 3 Febuluwale 2022 zipani zikuluzikulu zotsutsa sizinaimike munthu, posonyeza kuti mpando wa phungu sulandidwa ndi mpeni, ndipo anapambana ndi mayi Anna Firth a Conservative. Zokambirana zotsekera Nyumba m'nyengo yachilimwe tsopano zimatchedwa ndi dzina la a Amess. Banja lawo linapempha anthu kuti asiye chidani n'kukhala ololerana posayang'ana mtundu, chipembedzo kapena chipani.

Asilamu a ku Britain sanakhale chete. Bungwe la Muslim Council of Britain linadzudzula kuphaku, ndipo mizikiti ya ku Southend inatulutsa chikalata chimodzi chodzudzula chiwembucho ndi kukumbukira a Amess monga bwenzi lomwe linkafika pa zochitika zawo. Atsogoleri a Asomali okhala m'dzikolo nawonso anadzudzula.

Pamene ife tikuima

Chisilamu chimaletsa zomwe Ali Harbi Ali anachita, ndipo chiletsocho chili pawiri. Poyamba pali kupha munthu popanda chilungamo, tchimo lomwe Qur'an yolemekezeka yaonetsa kukula kwake mu Surat Al-Ma'idah ndime 32. Palibe munthu wamba yemwe wapatsidwa mphamvu yodzisandutsa yekha wozenga mlandu, woweruza ndi wopereka chilango. Kachiwiri pali chinyengo. Iye analowa ndi bodza kwa munthu yemwe anamutsegulira khomo kuti amuthandize, pamene Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam) analetsa kuphwanya chikhulupiriro ndi pangano ngakhale pa nthawi ya nkhondo. Msilamu wokhala m'dziko mwamtendere ali pa pangano ndi anthu a dzikolo. Ma ulama oposa 120 ochokera m'mayiko osiyanasiyana analemba kale kalata yapoyera mu Seputembala 2014 yotsutsa ziphunzitso za Daesh mfundo ndi mfundo, ndipo ambiri mwa anthu omwe gululi lapha ndi Asilamu.

Amene sanakondwe ndi voti ya a Amess anali ndi njira zambiri: kuwalembera kalata, kuchita zionetsero, kuvotera wina, kapena kukakhala pampando womwe uja m'tchalitchi muja n'kuwauza maganizo ake pamaso. Mbiri yawo ikusonyeza kuti anali munthu womva, popeza lamulo la nyumba zozizira ndi gulu la matenda a amayi zinachokera kwa anthu wamba a m'dera lawo, ndipo pa nkhondo ya ku Iraq anasintha maganizo poyera. Chiwembucho chinachititsa kuti chitetezo cha aphungu chiunikidwenso, ndipo ena anayamba kuonana ndi anthu pokhapokha atafufuzidwa kaye kapena pali alonda. Amene amaluza zikatere ndi wosauka ndi mlendo, omwe alibe khomo lina logogoda, ndipo pakati pawo pali Asilamu.

Kwa makolo ndi aphunzitsi a madrasa, phunziro lili pa mnyamatayo. Anakulira m'dziko la sukulu zabwino, koma chipembedzo chomwe anaphera munthu anachitola payekha pa intaneti. Tiwadziwe ana athu ndi zomwe akumvera pa foni, ndipo mafunso awo okhudza nkhondo ndi kuponderezedwa kwa Asilamu tiziwayankha ife eni mwachilungamo, asanakawayankhe anthu osawaona nkhope.

Kwa ovota, mbiri ya a Amess ikutipatsa muyeso woyezera phungu wa dera lathu. Tisafunse kokha ngati wapatsidwa unduna. Tifunse kuti wafunsa mafunso angati m'Nyumba, akuchita chiyani m'komiti yake, ndi dandaulo liti la munthu wamba lomwe walinyamula mpaka kumapeto, ndiponso ngati timadziwa tsiku ndi malo omwe tingamupeze.

Allah ndiye Wodziwa kwambiri.